Loboti ya Namafunso Itakana Kudikira

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Bondo lija likumapwetekabe mukamapalasa mashini? Ndinakuuzani kalekale kuti mupeze a magetsi, koma inu ndi mashini anu akalewo simungalekane ngakhale munthu atakupatsani ena aulere. Kuno tili bwino. Mlamu wanu chifuwa chija chinatha, ndipo wayambiranso kundilongolola za nsapato zimene ndimasiya pakhomo, ndiye mudziwe kuti wachiradi.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene foni ndili nayo. Pafoni ndimathawa. Mukangondifunsa funso lolimba ndimanamizira netiweki, ndipo ndikudziwa kuti munandizindikira kale. Lero sindikufuna pothawira.

Uthenga wanu wa sabata yatha ndinaulandira. Munati Namafunso wasiya kalabu ya maloboti kusukulu kwawo, ndipo mwina n'zabwino, alimbikire mayeso. Munatinso aphunzitsi ake a sayansi anafika kushopu kwanu kudzamupempha kuti abwerere, poti kulembetsa mpikisano wa chaka chino kukutsekedwa kumapeto kwa mwezi uno, ndipo timu yopanda wolemba pulogalamu singalowe. Iye akuti anangoyankha kuti mutu wake si wa zimenezo.

Mawu amenewo andisowetsa mtendere. Mwana amene tinamutcha dzina chifukwa cha mafunso ake osatha, amene anamasula wailesi ya alamu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kuti aone anthu olankhula m'katimo, lero akuti mutu wake si wa zimenezo. Achemwali, mawu amenewo ndinamuika m'kamwa ndine. Khalani pansi, ikani lumo patali, ndikufotokozereni bwinobwino.

Mumadziwa kuti ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndiponso kuti Loweruka lililonse ndimathandiza a mpikisano wa maloboti a ana asukulu. Chimene sindinakufotokozerenipo n'chakuti ndimachita chiyani kumeneko, chifukwa ndikangoyamba mumayasamula. Lero mupirire.

Mwana akamalemba pulogalamu ya loboti sayambira pansi penipeni. Sangakhale akuuza waya aliyense kuchuluka kwa magetsi oti apite kumatayala, chaka chingathe loboti isanasunthe. Ndiye ife akuluakulu tinakonzeratu mtolo wa malamulo, umene timautcha laibulale ngakhale mulibe buku ndi limodzi lomwe. Mwana amangolemba kuti pita kutsogolo, khota kumanja, kweza dzanja, tsegula zala, ndipo laibulale imagwira ntchito yotsalayo. Matimu onse amagwiritsa ntchito laibulale imodzimodziyo, ndipo amene timaisamalira tilipo awiri, ine ndi mnzanga wina amene timamutcha Wandevu.

Taganizirani tepi yanu yoyezera. Simunaipange ndinu, ndipo simuiyeza m'mawa uliwonse kuti muone ngati inchi ikadali inchi. Mumangoikhulupirira, n'kudula nsalu ya mwiniwake. Umo ndi mmene mwana amakhulupiririra laibulale yathu.

Chaka ndi chaka ine ndemwe ndimaima kutsogolo kwa aphunzitsi, tayi ali pakhosi, n'kumawauza zimene ana ayenera kuyembekezera kwa ife. Ndimati lamulo lililonse lizichita zimene buku la malangizo likunena, osati zina. Ndimati tikasintha khalidwe la lamulo tizinena mokweza ndi kusintha nambala ya laibulale, kuti aliyense aone kuti tepi si yomwe ija. Ndimatinso chinthu chikalephereka, laibulale izikuwa, isamangofa mwakachetechete. Kenako ndimawonjezera, ndipo apa ndi pamene ndimakometsa mawu, kuti ana asayembekezere laibulale kuwaganizira, aziwerenga okha malangizo. Aphunzitsi amawomba m'manja, ine n'kumadzimva.

Tsopano imvani zimene mlaliki ameneyu anachita.

Lamulo lokhota, kuyambira pachiyambi, linkadikira. Mwana akalemba kuti khota kumanja, loboti inkakhota mpaka kumaliza, ndiyeno n'kupita pamzere wotsatira. Koma matimu amphamvu a kuno, aja ali ndi alangizi awiriawiri ndi zipinda zawozawo zoyeserera, anayamba kundidandaulira kuti kudikirako kukuwadyera nthawi. Ankafuna loboti izikhota kwinaku ikukweza dzanja. Ananditama, akuti ndine ndekha ndingathe, ndipo inu mumandidziwa mmene ndimasungunukira ndikatamidwa.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mpikisano uchitike, ndinasintha lamulolo kuti lisamadikirenso. Wofuna kudikira anayenera kuwonjezera mawu amodzi kumapeto kwa mzere. Dzina la lamulo ndinalisiya momwemo. Nambala yaikulu ya laibulale sindinaikhudze. Pamalo polemba zimene zasintha ndinangoti takonza tinthu ting'onoting'ono.

Wandevu anandichenjeza. Anati tidikire mpikisano udutse, kapena lamulo latsopanolo tilipatse dzina lina, lakalelo likhale mmene lilili. Ndinamuyankha kuti ndalengeza kale pagulu lathu la pafoni, alangizi onse aona. Iye anafunsa kuti nanga sukulu zimene zilibe mlangizi pagulupo zimva kwa yani. Ndinamuseka, ndinati ndevu zikumukalambitsa msanga.

Akuluakulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ndinaiwala kuti kuli sukulu ngati ya Namafunso, kumene kalabu yonse ndi ana asanu, mphunzitsi mmodzi, ndi laputopu imodzi yothyoka pachivindikiro imene amaitsamiritsa kukhoma kuti iime. Ndinaiwala ngakhale mwana wa mlongo wanga weniweni anali komweko.

Lamulo la mpikisano limati m'mawa wa tsikulo, patebulo loyendera, loboti iliyonse aiikemo laibulale yatsopano kuti onse afanane. Ndiye Namafunso anayeserera miyezi inayi ndi tepi ina, n'kupatsidwa ina pakhomo la holo.

Inu munaliko, munaona ndi maso zimene ine ndinangomva. Munandiuza kuti belu litalira, loboti yawo inayenda bwino mpaka pakati pa bwalo, inayamba kukhota, koma isanamalize inathamangira kutsogolo chopendama, n'kukagunda nsanja ya timu ina, zala n'kutseguka, kabokosi kamene inanyamula kuti ikaike pansanja yawo n'kugwera pansi. Munati anthu anaseka. Ulendo wachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo woweruza anawatulutsa chifukwa cholowa mbali ya anzawo kawiri.

Chimene simukudziwa n'chakuti pakati pa maulendo awiriwo, nthawi ya nkhomaliro, mwanayo anandiimbira.

Ine ndinali kuholo ya kuno, chifukwa mpikisano umachitika tsiku limodzi m'malo angapo. Ndinali patebulo lothandiza anthu, khamu lili mbuu, mbale ya chakudya ili pamwendo. Anandipatsa moni mwaulemu ngati masiku onse. Kenako anafunsa ngati laibulale yasintha, chifukwa iye akuona ngati lamulo lokhota silikudikira. Anatero ndithu, achemwali. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ali pakati pa phokoso, anzake akumuyang'ana, anapeza nthenda yeniyeni m'mphindi makumi awiri.

Ndinamuyankha kuti laibulale ili bwino, matimu onse kuno akuyenda popanda vuto. Ndinati aone batire, aone matayala, ndipo koposa zonse awerengenso pulogalamu yake modekha, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pamenepo. Anati chabwino amalume, ndipo anapempha kuti anditumizire pulogalamuyo ndiione. Ndinati atumize. Inafika ndithu, foni inalira m'thumba, koma sindinaitsegule.

Mawu amodzi okha akanakwana. Ndikanangomuuza kuti awonjezere liwu lija kumapeto kwa mizere itatu, akanakonza asanamalize kumwa madzi. Sindinganame kuti ndinaiwala zoti ndinasintha lamulolo. Linandidutsa m'mutu pomwepo. Koma Wandevu anali atakhala pambali panga, ndipo sindinafune kuti amve kuti zimene ananena zija zachitika.

Mpaka apa mwina mukuti ndi kulakwitsa kwa pantchito, aliyense amalakwitsa. Chotsatirachi ndiye chimene chandilembetsa kalata.

Lolemba m'mawa, ndisanayambe ntchito ya abwana, ndinatsegula buku la malangizo limene lili pa intaneti. Pansi pa lamulo lokhota panalembedwabe zakale, zoti loboti imadikira. Ndinafufuta, ndinalemba zatsopano, ndipo ndinawonjezera chenjezo la zilembo zakuda bii. Tsiku sindinalembepo. Aliyense wotsegula tsambalo akanaganiza kuti chenjezolo linalipo kuyambira kale. Ndinadziuza kuti ndikukonza buku, koma mtima unkadziwa kuti ndikukwirira mapazi anga.

Lachitatu munandiimbira. Munati mwana sakudya, akungodzitsekera kuchipinda, ndipo munandifunsa, monga munthu wodziwa zinthuzi, kuti chinalakwika n'chiyani. Ndinakuuzani kuti zonse zinalembedwa m'malangizo, kungoti ana amawerenga mothamanga, aphunzirapo kanthu. Inu munandikhulupirira, chifukwa munandibereka kumsana ndipo simunaganizepo kuti ndingakunamizeni pankhani ya mwana wanu. Munapita kukamuuza kuti ngakhale amalume ake akuti anaphonya yekha.

Ndikumudziwa Namafunso. Sakanangomva n'kukhala. Anatsegula tsambalo kuti atsimikize, n'kupeza chenjezo lakuda bii likumuyang'ana. Tsiku lomwelo ananditumizira uthenga wa mzere umodzi, wopepesa kuti anandivutitsa pa tsiku lotanganidwa, akuti waona kuti zinalembedwa ndipo iye ndiye sanawerenge. Ndinamuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Pa zonse zimene ndachita, kachala kameneko ndi kamene kamandichititsa manyazi kwambiri.

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwathu kuno zatembenuka, wadya ndi wamkulu, wapotedwa ndi mwana.

Miyezi itatu ndakhala ndikudzinyengerera. Ndinkati ndi mpikisano chabe, palibe wafa. Ndinkati ana amaiwala msanga. Mlamu wanu anaona kuti ndikumasintha nkhani dzina la Namafunso likatchulidwa, ndipo atandipanikiza ndinamuuza theka. Ananena kuti theka linalo ndikauze mwini wake, iye salifuna.

Uthenga wanu utafika, Loweruka ndinapita kuchipinda kumene timayeserera. Ndinabwereka loboti yofanana ndi yawo, ndinayala bwalo pansi, ndinamata mizere ndi tepi yomatira, n'kuikamo laibulale yakale ija. Kenako, kwa nthawi yoyamba, ndinatsegula pulogalamu imene ananditumizira tsiku lija.

Achemwali, ndawerenga mapulogalamu a anthu olandira malipiro amene sangafike pamenepo. Yaudongo ngati msoko wanu wa m'kati. Pamwamba pa gawo lililonse analemba chifukwa chake. Pamzere wokhota analemba kuti apa loboti idikira mpaka imalize, monga akunenera malangizo, ndipo anatchula ndi mutu weniweni wa tsambalo. Mwanayo anawerenga. Anawerenga kuposa ine amene ndinalemba.

Ndinaiyendetsa. Loboti inapita pakati, inakhota bwinobwino, inaima, inakweza dzanja, n'kuika kabokosi pansanja pake. Ndinabwereza kakhumi, ndipo kakhumi konse inaika. Nditaikamo laibulale yanga yatsopano, inakagunda mwendo wa tebulo ulendo woyamba womwe. Ndinakhala pansi pasimenti, ndipo sindibisa, ndinalira.

Lolemba ndinauza Wandevu zonse, ndi za tsamba lija zomwe. Sanandinyoze, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza. Anangoti iye anaona kale tsiku limene tsambalo linasinthidwa, chifukwa kompyuta imasunga mbiri ya chilichonse, koma ankadikira aone ngati ndili ndi pakamwa. Anandiuzanso kuti si timu ya Namafunso yokha. Pali sukulu zina zinayi zimene maloboti awo anachita misala yomweyo, zonse zopanda mlangizi pagulu lija. Kwinakwake kuli ana ena anayi amene akudziona ngati mbuli chifukwa cha ine.

Ndalembera akuluakulu a mpikisano, ndipo ndawapempha kuti kalatayo itumizidwe kusukulu zonse, dzina langa lili pansi. Lamulo lokhota ndalibwezera mmene linalili, latsopanolo lili ndi dzina lakelake. Tagwirizana kuti kukatsala miyezi iwiri mpikisano usanachitike, laibulale isamakhudzidwenso, ndipo chosintha chilichonse chizidutsa m'maso mwa anthu awiri. Akuluakuluwo akumana sabata yamawa kuti aone ngati ndipitirize. Akandichotsa sindidandaula, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma zonsezo n'zapantchito. Sizibweza mwana kukalabu, ndipo sizichotsa mawu aja m'mutu mwake. Madzi akatayika sawoleka, ndikudziwa. Chikho cha chaka chatha chinapita, ndipo sindikunena kuti akanapambana, mwina akanagonja patsogolo ndi matimu ena. Koma akanagonja ndi ntchito ya manja ake, akudziwa pamene wafika.

Ndamuimbira kanayi sabata ino, sakuyankha. Sindikuganiza kuti wakwiya, chifukwa sakudziwa kuti pali chokwiyira. Ndikuganiza kuti akuchita manyazi kulankhula ndi amalume ake odziwa zinthu, amene iye akuti anawakhumudwitsa. Tangoganizani zimenezo, mwana akundichitira manyazi ine.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mawu aja anadzera pakamwa panu, ngakhale anachokera kwa ine, ndipo ndikupepesa kuti ndinakusandutsani mthenga wa bodza kwa mwana wanu yemwe. Ndikupempha kuti choonadinso chidzere pakamwa pomwepo. Musamupatse kalatayi ali yekha kuchipinda. Tsekani shopu kwa ola limodzi, mukhale naye, muwerenge limodzi. Pamene simukumvetsa akufotokozerani, ndipo mudzaona nokha mmene nkhope yake imawalira akamafotokoza.

M'envulopu muno ndaikamo mapepala awiri. Loyamba ndi tsamba la malangizo mmene linalili m'mawa wa mpikisano, linalo ndi mmene linakhalira nditaligwira Lolemba lija, ndipo masiku ake, ochokera m'mbiri ya kompyuta ija, akuoneka pamwamba. Asakhulupirire mawu anga, aone yekha. Ndi mmene wolemba mapulogalamu amayenera kuchitira, ndipo ndi mmene iye anachitira tsiku lija, ine n'kumutsekereza.

Musamukakamize kubwerera kukalabu. Akawerenga n'kunena kuti maloboti amutopetsa, akufuna zina, zikhale choncho, ndi moyo wake. Chimene sindingapirire n'chakuti asiye chifukwa cha bodza. Mwezi watsala ndi masabata awiri, ndipo ndikufuna kuti pamene akusankha, asankhe akudziwa kuti pa anthu onse amene anali m'maholo aja tsiku limenelo, akulu ndi ana, amene anaona vuto molondola anali iye.

Ndikudziwa chimene nditaye. Kuyambira ali wamng'ono, chilichonse chimene amalume anena kwa iye chinali chomaliza. Akamakangana ndi anzake ankati afunsa amalume. Akatha kuwerenga kalatayi zimenezo zitha, ndipo mwina sadzandifunsanso kanthu. Zikundiwawa, koma ndaziyeza mbali zonse. Pakati pa ine ndi iye mwini, mmodzi ayenera kusiya kumukhulupirira, ndipo kwa miyezi itatu wakhala akudzikayikira iye, amene sanalakwe. Asiye kukhulupirira ine, adzikhulupirire yekha.

Inunso ngati mukufuna kundikalipira, imbani nthawi iliyonse. Ndiyankha, ndipo ndimvetsera mpaka mumalize.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinaiwale za magalasi awo, ndiwatumiza ndi munthu wodalirika. Moni kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati mupitako mwezi uno. Mlamu wanu akupereka moni wambiri, akuti bondolo muzilipumitsa. Mulungu akusungeni, adalitse manja anu ndi nyumba yanu, ndipo apatse mwana wathu mtima wopepuka.

Kwa Namafunso musandiperekere moni wamba. Mumuuze kuti funso lake lija linali lolondola, ndipo yankho lake, limene lachedwa miyezi itatu, ndi lakuti inde, laibulale inasintha, ndipo anaisintha ndi amalume ake.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Amalume ake a Namafunso